Mphunzitsi wa Cingerezi amene adadzutsa voleibol ya atsikana ku Nebraska

Lero tili ndi mbiri ya masewera a pa sukulu, ndipo ikutitengera kutali, ku Estados Unidos, dziko lomwe ambirife timangoti Amereka.

Lacitatu pa 30 Agosto 2023, anthu 92,003 adalowa m'bwalo la Memorial Stadium mumzinda wa Lincoln, likulu la cigawo ca Nebraska, kudzaonera atsikana a pa yunivesite akusewera voleibol. Pa masewera onse a akazi amene oonerera ake adawerengedwa mmodzimmodzi pakhomo, palibe ena amene adasonkhanitsapo anthu oculuka cotere. Ciwerengero comwe cidali pamwamba kale cidali 91,648, ca anthu amene adaonera timu ya akazi ya mpira wamiyendo ya Barcelona ikusewera ndi Wolfsburg ku Camp Nou mu Abril 2022. Nebraska ndi cigawo ca pakati pa dzikolo, ca alimi a cimanga ndi oweta ng'ombe, ndipo anthu ake onse ndi pafupifupi 2 miliyoni. Ngakhale matimu a yunivesite yawo amachedwa Cornhuskers, kutanthauza anthu osenda makoko a cimanga. Kodi zidatheka bwanji kuti malo otere akhale kwawo kwa voleibol ya atsikana? Kuti timvetse, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 46, kufika mu 1977, pamene mphunzitsi wina wa Cingerezi, a Terry Pettit, adalembedwa nchito yophunzitsa timuyo.

MASEWERA A M'MBALI MWA NYANJA

Voleibol idayambika mu 1895 m'tauni ya Holyoke, m'cigawo ca Massachusetts. A William G. Morgan, amene ankaphunzitsa zolimbitsa thupi pa bungwe la YMCA, ankafuna masewera oti azibambo acikulire azisewera popanda kugundana ngati mmene zimakhalira pa basketebol. Adamanga ukonde pakati pa cipinda, nagawa anthu mbali ziwiri kuti azimenya mpira ndi manja kuuwolotsa pamwamba pa ukondewo, osaulola kugwa pansi kumbali yawo. Poyamba masewerawa adawacha Mintonette. Adafalikira m'maiko ambiri, ndipo mu 1964 adalowa m'masewera a Olimpiki ku Tokyo.

Ku Amereka kwenikweniko, mphamvu ya voleibol idakhazikika kumadzulo, ku California ndi ku zilumba za Hawaii, kumene kunja kumatentha ndipo ana amakula akumenya mpira pamcenga wa m'mbali mwa nyanja. Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a mayunivesite, lidayamba mpikisano wa dziko lonse wa voleibol ya akazi mu 1981. Pa zikho 14 zoyambirira, kucokera 1981 mpaka 1994, zikho 10 zidapita ku mayunivesite a ku California, zitatu ku Hawaii, ndipo cimodzi cokha, ca 1988, cidapita ku Texas. Timu ya kuminda ya cimanga, kumene cisanu cimatsekera anthu m'nyumba miyezi ingapo, inkalowa mumpikisanowo ili kale kumbuyo.

LAMULO LA 1972

Pa 23 Junho 1972 boma la Amereka lidakhazikitsa lamulo lochedwa Title IX. Lamuloli likuletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma lalikulu kusankha pakati pa mwana wamwamuna ndi wamkazi pa maphunziro ndi pa zocitika zonse za pasukulupo. Masewera nawo adalowa momwemo. Mayunivesite amene ankathira ndalama zawo zonse pa matimu a anyamata adakakamizika kutsegula matimu a atsikana.

Ku Yunivesite ya Nebraska timu ya voleibol idayamba mu 1975, ndipo mphunzitsi wake woyamba adali mayi Pat Sullivan. Tisaganize kuti timuyo inkangogonja. M'zaka ziwiri za mayi Sullivan idapambana masewera 83 n'kugonja 21. Vuto lake lidali lina: inkapambana anthu osadziwa. Idalibe ndalama zokwanira, idalibe oonerera, ndipo matimu akuluakulu a kumadzulo sankaiwerengera. Mtima wa cigawo conse udali pa futebol americano, mpira wa amuna wonyamula m'manja uja. Kuyambira 1962 matikiti onse a masewera amenewo pa Memorial Stadium ankatha. Lamulo lidatsegula citseko, koma lamulo silingakakamize munthu kubwera kudzaonera atsikana akusewera.

MUNTHU WA MABUKU AFIKA KU LINCOLN

A Pettit adakulira m'cigawo ca Indiana. Maphunziro awo apamwamba adacita ku Yunivesite ya Arkansas, ndipo adali a kalembedwe ka ndakatulo. Nchito adaipeza pa koleji yaing'ono ya Louisburg ku North Carolina, kumene ankaphunzitsa Cingerezi. Monga zimakhalira pa sukulu yaing'ono, mphunzitsi sakhala ndi nchito imodzi, ndipo iwo adapatsidwanso timu ya voleibol ya atsikana. Umenewo ndiwo udali mlatho umene adawolokerapo kupita ku Nebraska mu 1977. Adakhalako zaka 23.

Pa zimene adacita m'zaka zoyambirira, zitatu ndizo zidasintha mbiri ya timuyo.

Coyamba ndi bolsa. Ku Amereka yunivesite imakopa wosewera waluso pomulipirira maphunziro, cakudya ndi pogona. Anyamata ankalandira kale zimenezi. Mu 1978 atsikana awiri a timu ya a Pettit adalandira bolsa yathunthu, ndipo adali akazi oyamba kulandira bolsa yotere cifukwa ca masewera pa yunivesiteyo. Kwa kholo la kumudzi uthenga udali womveka: mpira umene mwana wanu wamkazi akumenya ukatha maphunziro ungathe kumulipirira sukulu.

Caciwiri ndi oonerera. Timuyo inkasewerera m'nyumba yakale yochedwa Nebraska Coliseum, yomwe ili pafupi kwambiri ndi Memorial Stadium. A Pettit adaona kuti Loweruka lililonse la futebol americano anthu zikwizikwi amadutsa pakhomo pawo. Conco adayamba kuika masewera a voleibol pa tsiku lomwelo, kuti anthu akamatuluka kubwalo lalikulu apatukire ku Coliseum. Ambiri adalowa mwangozi, ena kuthawa mphepo, koma amene adaona kamodzi liwiro la masewerawo ankabweranso, ndipo ulendo wina ankabwera ndi ana awo aakazi.

Cacitatu, cimene ine ndikuciona kuti ndico muzu wa zonse, ndi masukulu a m'matauni ang'onoang'ono. Atsikana a m'masukulu a sekondale a ku Nebraska ankasewera kale voleibol, ndipo mpikisano wawo wa cigawo conse udayamba mu 1972. Koma ambiri mwa amene ankawaphunzitsa adali aphunzitsi a m'kalasi, anthu a masamu kapena a mbiri, amene adangopatsidwa timu popanda kuphunzitsidwa masewerawo. A Pettit ndi owathandiza awo adayamba kuyenda m'matauni amenewo, mitunda italiitali pa galimoto, kukacititsa maphunziro a osewera ndi a aphunzitsi awo.

Cifukwa cake n'cosavuta kumvetsa kwa aliyense amene adagwirapo coko. Pa voleibol timu imaloledwa kukhudza mpira katatu isanauwolotse. Woyamba amaulandira ndi mikono, waciwiri amaukweza ndi nsonga za zala, wacitatu amalumpha n'kuumenya. Woyambayo akalakwitsa, ena awiriwo alibe cocita. Luso la kaimidwe ka miyendo ndi kagwiridwe ka mikono limalowa m'thupi mwana akali wamng'ono. Mtsikana akafika pa yunivesite ali ndi zaka 18 atazolowera kale molakwika, pamapita nthawi yaitali kuti aongoke. M'mera mpoyamba. Mphunzitsi wa timu ya yunivesite amakhala ndi atsikana osapitirira 20 pa caka, pomwe mphunzitsi mmodzi wa sekondale amene waphunzitsidwa bwino amadutsitsa m'manja mwake magulu atsopano caka ndi caka mpaka kupuma nchito. A Pettit adasankha kuphunzitsa aphunzitsiwo.

ZAKA ZOGONJERA PAKHOMO PA CIKHO

Zipatso za nchito yotere sizipsa msanga. M'liga yawo ya mayunivesite oyandikana, yochedwa Big Eight, timu ya Nebraska inkatenga cikho pafupifupi caka ciliconse. Koma mpikisano wa dziko lonse udali phiri lina. Mu 1981, caka coyamba ca mpikisano wa NCAA, Nebraska sidalowemo. Idalowa mu 1982, ndipo kucokera pamenepo inkalowa caka ciliconse.

Mu 1986 idafika koyamba pa masewera otsiriza olimbirana cikho, koma idagonja maseti atatu kwa ziro kwa Yunivesite ya Pacific ya ku California. Mu 1989 idafikanso, nigonjanso cimodzimodzi kwa Long Beach State, ya ku California komweko. Caka cowawa kwambiri cidali 1994. Timuyo idapambana masewera 31 motsatizana, kenaka idagonja kwa Penn State pabwalo la kwawo ku Lincoln, patangotsala sitepe imodzi kuti ilowe m'gulu la matimu anayi otsiriza.

Mu 1995 idagonja kamodzi kokha, kwa Stanford, kumayambiriro kwa nyengo. Pa 16 Dezembro idakumana ndi Texas pa masewera otsiriza mumzinda wa Amherst, ku Massachusetts, makilomita ocepa kucokera ku Holyoke, m'caka cimene voleibol inkakwanitsa zaka 100. Masiku amenewo kawerengedwe ka mapontu kadali kosiyana ndi ka lero. Seti inkathera pa 15, ndipo pontu inkalembedwa pokhapokha timu yoponya mpira woyamba ndiyo yapambana, kotero kuti masewera ankatha kutalika kwambiri ziwerengero zosasuntha. Nebraska idaluza seti yoyamba, kenaka idatenga zitatu zotsatira, yomaliza pa 16 kwa 14. Idamaliza cakaco itapambana 32 n'kugonja kamodzi. Kucokera pamene a Pettit adafika ku Lincoln padali patapita zaka 18.

Tiyang'ane amene adatsogolera timuyo m'bwalo. Womenya mpira wamphamvu, Allison Weston, adali mwana wa ku Papillion, ku Nebraska komweko. Wokweza mpira, Christy Johnson, adaphunzira sekondale ku Omaha, mzinda waukulu wa cigawoco. Cikho cimene ambiri ankati n'ca ana a m'mbali mwa nyanja cidatengedwa ndi timu yotsogoleredwa ndi ana a pakhomo.

KUSIYA NCHITO M'MANJA OKONZEKA

A Pettit adapuma kumapeto kwa nyengo ya 1999 atapambana masewera 694 ndi zikho 21 za liga m'zaka 23. Matimu ambiri amagwa mphunzitsi wamkulu akacoka, cifukwa zonse zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Iwo adakonzeratu wowalowa m'malo.

Munthuyo adali a John Cook, a ku California, amenenso adayambira m'kalasi. Adaphunzira mbiri pa Yunivesite ya San Diego, ndipo ankaphunzitsa jeografia pa sukulu ina mumzinda womwewo. Cimene ankafuna ndi kuphunzitsa futebol americano, koma sukulu idawapatsa timu ya voleibol ya atsikana, masewera amene sankawadziwa, ndipo adayamba kuwaphunzira powerenga mabuku. Kucokera 1988 mpaka 1991 adali wothandiza a Pettit ku Nebraska. Mu 1992 adali m'gulu la aphunzitsi a timu ya amuna ya Amereka imene idatenga mendulo ya bronze pa Olimpiki ya ku Barcelona, ndipo caka comweco adatenga timu ya Yunivesite ya Wisconsin. M'zaka zisanu ndi ziwiri adaikweza mpaka kugawana cikho ca liga ya Big Ten mu 1997.

Mu 1999 a Cook adasiya udindo waukulu ku Wisconsin n'kubwerera ku Lincoln kukakhala waciwiri kwa caka cimodzi, kuti aphunzire atsikana ndi kayendetsedwe ka timu asanalandire udindo. Mu 2000, caka cawo coyamba, Nebraska idapambana masewera onse 34. Pa masewera otsiriza, ku Richmond, idakumana ndi Wisconsin, timu imene a Cook omwewo adaimanga, ndipo idaigonjetsa maseti atatu kwa awiri. Zikho zina zidabwera mu 2006, 2015 ndi 2017. Kugonja nako sikudasowe: adaluza masewera otsiriza mu 2005, 2018, 2021 ndi 2023.

Kuyambira 2001 matikiti onse a masewera a pakhomo adayamba kutha, masewera ndi masewera, mpaka ciwerengero ca masewera otsatizana otere cidapitirira 300. Coliseum, yokhala anthu pafupifupi 4,000, idacepa. Mu 2013 timuyo idasamukira ku Bob Devaney Sports Center, yokhala anthu pafupifupi 8,000 pa nthawiyo, ndipo bwalo losewerera m'katimo lidapatsidwa dzina la a Pettit.

ANA A M'MATAUNI ANG'ONOANG'ONO

Umboni wa maulendo aja a m'masukulu udaoneka bwino m'badwo wotsatira. Jordan Larson adakulira ku Hooper, tauni ya anthu osakwana 1,000. Adasewerera Nebraska kucokera 2005 mpaka 2008, ndipo adali m'timu imene idatenga cikho ca 2006 mumzinda wa Omaha pamaso pa anthu oposa 17,000. Pambuyo pake adasewerera timu ya dziko lake pa Olimpiki kanayi, natenga mendulo ulendo uliwonse: ya siliva mu 2012, ya bronze mu 2016, ya golide ku Tokyo mu 2021, ndi ya siliva ku Paris mu 2024. Ku Tokyo, pa masewera olimbana ndi Brasil, ndiye adamenya mpira womaliza umene udapatsa akazi a ku Amereka golide wawo woyamba pa voleibol ya m'nyumba.

Christy Johnson uja adasanduka mphunzitsi. Mu 2005, akudziwika tsopano kuti mayi Christy Johnson-Lynch, adatenga timu ya Iowa State, imene kwa zaka zambiri idali kumcira kwa liga ya Big 12. Pofika 2008 adaifikitsa m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsiriza a dziko lonse, ndipo adabwerezanso mu 2011.

M'timu ya 2006 mudalinso Dani Busboom, wa ku Cortland, kamudzi ka anthu mazana ocepa kumwera kwa Lincoln. Adayamba ngati wokweza mpira, kenaka a Cook adamupempha kusinthira pa malo a libero, wosewera wa kumbuyo amene nchito yake ndi kulandira ndi kupulumutsa mipira. Atamaliza sukulu adalowa uphunzitsi, nathandiza a Cook kucokera 2012 mpaka 2016. Kenaka adatenga timu ya Louisville n'kuifikitsa pa masewera otsiriza mu 2022 ndi mu 2024. A Cook atapuma mu Janeiro 2025, atakhala pa udindo zaka 25, mayi Dani Busboom Kelly ndiwo adalandira timu ya Nebraska. M'zaka 50 timuyo yakhala ndi aphunzitsi akuluakulu anayi okha, ndipo wacinayiyo ndi mwana wa sukulu ya kumudzi ya m'cigawo momwemo.

TSIKU LA ANTHU 92,003

Mu Setembro 2022 Wisconsin idasonkhanitsa anthu 16,833 pa masewera ake ndi Florida, niphwanya ciwerengero cimene Nebraska ndi Creighton adali atangokhazikitsa masiku ocepa m'mbuyomo. Ku Lincoln kudalibe nyumba yamasewera yoposa pamenepo, conco adaganiza zoyala bwalo la voleibol panja, m'kati mwa Memorial Stadium. Matikiti oposa 80,000 adatha m'masiku ocepa. Yunivesite idaimitsa maphunziro tsikulo. Asanalowe a Nebraska, padasewera matimu ena awiri a m'cigawomo, Wayne State ndi Nebraska-Kearney, cifukwa tsikulo lidakonzedwa kuti likhale la voleibol ya cigawo conse. Madzulo Nebraska idagonjetsa Omaha maseti atatu kwa ziro. Anthu amene adali m'bwalomo adaposa anthu a mumzinda uliwonse wa ku Nebraska kupatula Omaha ndi Lincoln. Bwalo lija limene a Pettit ankadikirira anthu ake pakhomo kuti apatukire ku Coliseum lidadzaza cifukwa ca atsikana.

Pofotokoza mbiriyi tisaike zonse pa munthu mmodzi. Popanda lamulo la 1972 sipakadakhala timu yoti a Pettit aiphunzitse. Mayi Sullivan adawasiyira timu yozolowera kale kupambana. Yunivesiteyo idali ndi cuma cocokera ku futebol americano, cimene mayunivesite ang'onoang'ono alibe. Ndiponso ku Nebraska kulibe matimu akuluakulu a maliga ochuka a amuna amene akadalanda oonerera. Koma mayunivesite enanso ambiri adali pansi pa lamulo lomwelo, ena ndi cuma coposa, ndipo sadafike pamenepa. Kusiyana kudali pa kumene a Pettit adaika nthawi yawo: pa aphunzitsi a sekondale amene maina awo sadalembedwe pa cikho ciliconse, ndi pa kukonza munthu wodzapitiriza nchito iwo akadali ndi mphamvu.

Aphunzitsi anzanga, ambirife tidapatsidwapo timu, kwaya kapena gulu lina la ana popanda kufunsidwa ngati tikuidziwa nchitoyo. A Pettit ndi a Cook adayamba cimodzimodzi, wina wa Cingerezi, wina wa jeografia. Inu makolo, mwa anthu 92,003 aja mudali amayi ndi agogo aakazi amene adamenyapo mpira umenewu ali ana a sukulu, m'zaka zimene oonerera adali makolo awo okha. Makolo amenewo ndiwo adawalola kutsalira pasukulu madzulo kuti aphunzire kulandira mpira ndi mikono.